N'chifukwa chiyani setilaiti siona kwathu mvula ikavuta?

Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa mvula yosalekeza kumwera kwa Malawi, Amalawi ambiri okhala kuno ku Joni tinakhala masiku angapo maso ali pa foni. Magetsi kumudzi anali atathima, mafoni a abale sankalowa, ndipo nkhani zimene zinkatipeza zinali za matope otsika m'phiri la Soche kukakwirira nyumba ku Chilobwe, ndi za midzi yokokoloka ku Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu. Ambiri anatsegula Google Maps n'kukulitsa chithunzi mpaka kufika pamudzi pawo. Anapeza nyumba zili chiimire, misewu ili youma, popanda ndi kamtambo komwe.

Mafunso amene anabuka nthawi imeneyo amabwereranso dzinja lililonse madzi akasefukira. Ena amati zithunzi zilipo koma akuluakulu akubisa. Ena amati makina amenewa amangosamala za maiko olemera. Kudabwako n'komveka, pakuti ngati chithunzi cha m'mwamba chikutha kuonetsa basi itaima pa Park Station, chingalephere bwanji kuonetsa mudzi wonse utamira? Zifukwa zilipo zingapo, zina za ndalama, zina za kayendedwe ka makinawo, koma chachikulu ndi mitambo. Ndipo chopweteka n'chakuti mvula imene imabweretsa tsoka ndi yomweyo imene imaphimba malo a tsokalo.

## Kamera yodalira dzuwa

Setilaiti ndi makina amene anthu anawaponya m'mlengalenga kuti azizungulira dziko. Alipo a ntchito zosiyanasiyana, ena a mauthenga ndi wailesi yakanema, ena ouza foni yanu pamene mwaima. Pano tikunena za ojambula nthaka.

Ambiri mwa amenewa alibe kuwala kwawokwawo. Kuwala kwa dzuwa kumatsika, kumagunda munda, denga kapena madzi, kenako kumabwerera m'mwamba n'kulowa m'kamera. Ndiye kuti kumadutsa mumlengalenga kawiri, potsika ndi pokwera, ndipo njira iyenera kukhala yotseguka maulendo onse awiri.

Masetilaiti odziwika kwambiri pa ntchitoyi ndi a magulu awiri. A Landsat ndi a dziko la America. Yoyamba inaponyedwa mu 1972, ndipo lero zikugwira ntchito ndi Landsat 8 ya mu 2013 ndi Landsat 9 ya mu 2021. Zimauluka pamtunda wa makilomita 705, ndipo kadontho kamodzi pa chithunzi chake kamaimira malo a mamita 30 mulitali ndi 30 mulifupi. A Sentinel-2 ndi a maiko a ku Ulaya. Yoyamba inapita mu 2015, imauluka pa makilomita 786, ndipo kadontho kake kamaimira mamita 10. Zithunzi za magulu onse awiri n'zaulere kwa aliyense.

Setilaiti yotere siima pamwamba pa mudzi wanu n'kumayang'anira. Imathamanga makilomita oposa 7 pa sekondi imodzi ndipo imazungulira dziko lonse m'mphindi pafupifupi 100, ikujambula mzere wa nthaka umene uli pansi pake. Mzere wa Landsat ndi wa makilomita 185 mulifupi, wa Sentinel-2 ndi wa 290. Ikadutsa lero, Landsat imodzi imabwereranso pamalo omwewo patatha masiku 16, koma popeza zilipo ziwiri zosinthana, malo amajambulidwa masiku 8 alionse. Sentinel-2 imodzi imabwerera patatha masiku 10, ziwiri masiku 5.

Nthawi yodutsa nayo inasankhidwa dala. Imakhala m'mawa, cha m'ma 10 koloko, dzuwa litakwera mokwanira koma mitambo ya masana isanasonkhane. Aliyense wokhala ku Johannesburg amadziwa mmene tsiku la Disembala limayendera kuno: kumacha kowala, masana mitambo imayamba kuunjikana, madzulo kumabwera mabingu ndi matalala. Nyengo yotereyi imapereka mpata kwa kamera ya m'mawa. Mvumbi wa kwathu, umene umayamba usiku n'kuswera n'kugonanso, supereka mpata umenewo.

## Zimene mtambo umachita

Mtambo ndi timadontho ta madzi tambirimbiri, kapena tizidutswa ta ayezi ngati uli pamwamba kwambiri. Kadontho kamodzi sikafika kunenepa kwa tsitsi limodzi, komabe poyerekeza ndi kuwala n'kakakulu. Kuwala kumayenda m'mafunde, ndipo funde limodzi la kuwala kumene maso athu amaona silikwana gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita. Funde laling'ono chonchi likagunda kadontho limapatuka, limagunda kena, limapatukanso, mpaka kuwala kochuluka kumabwerera kumwamba kusanafike pansi. Kochepa kamene kafika pansi kamasokonezekanso pokwera. Kamera imangolandira kuyera kwa pamwamba pa mtambo.

Apa m'pofunika kumvetsa bwino. Chithunzi chimajambulidwa ndithu. Chimatumizidwa pansi, kumalo ngati a SANSA, bungwe la South Africa loona za m'mlengalenga, ku Hartebeesthoek, kunja kwa Johannesburg kumpoto chakumadzulo, kumene kuli zimbale zikuluzikulu zolandirira uthenga wa masetilaiti. Chimasungidwanso bwinobwino. Koma ukachitsegula umangoona zoyera. Palibe kompyuta imene ingachotse mtambo wochindikala n'kuonetsa zimene zinalidi pansi pake tsiku limenelo, chifukwa uthenga wa pansipo sunafike n'komwe m'kamera. Mapulogalamu amene amati amachotsa mitambo amangodzaza malowo ndi zongoyerekeza, potengera zithunzi za masiku ena.

Vutoli si la apo ndi apo. Kafukufuku wa bungwe la NASA, pogwiritsa ntchito chipangizo chotchedwa MODIS, anapeza kuti pa nthawi iliyonse pafupifupi magawo 67 pa 100 a dziko lapansi amakhala pansi pa mitambo. Panyanja zikuluzikulu ndi pafupifupi 72, pamtunda pafupifupi 55.

Ndipo mtambo suononga malo okhawo amene waphimba. Uli ndi mthunzi, umene umagwera chapambali n'kudetsa nthaka. Pa chithunzi, madzi nawonso amaoneka akuda, choncho kompyuta yofufuza madzi osefukira ikhoza kuwerenga mthunzi ngati dziwe. Palinso mitambo yopyapyala ya pamwamba kwambiri, ija imaoneka ngati nthenga. Munthu woyang'ana chithunzi amaona minda bwinobwino, koma mitambo yotereyi imasintha muyeso wa kuwala, ndipo wofuna kuyeza thanzi la mbewu amapeza zolakwika osadziwa. N'chifukwa chake Landsat 8, Landsat 9 ndi Sentinel-2 zili ndi diso lapadera longozindikira mitambo imeneyi.

Kuzindikira mtambo kumene sikophweka monga tingaganizire. Kompyuta imayang'ana zoyera ndi zowala, koma denga la malata atsopano nalonso limawala, mchenga nawonso umayera. Landsat imathandizidwa ndi chipangizo choyeza kutentha, popeza mtambo umakhala wozizira kuposa denga. Sentinel-2 ilibe chipangizo chimenecho, ndiye imasokonezeka msanga m'matauni.

Chithunzi chilichonse chimabwera ndi nambala yosonyeza kuchuluka kwa mitambo, koma nambalayo ndi ya chithunzi chonse, chimene kwa Sentinel-2 ndi dera la makilomita pafupifupi 100 mbali zonse. Chikhoza kulembedwa kuti mitambo ndi yochepa, koma yochepayo ili ndendende pa phiri la Mulanje ndi midzi ya m'munsi mwake, pamene inu mukufuna. Mapiri amakoka mitambo, ndipo anthu okhala m'tsinde mwa mapiri ndi amenenso amakhala pangozi ya napolo.

## Kalendala ya mitambo ndi kalendala ya mlimi

Kwa ine apa ndi pamene nkhaniyi ikutikhudza kwambiri, kuposanso pa namondwe. Mvula ku Malawi imagwa kuyambira Novembala mpaka Epulo. Chimanga chimadzalidwa mu Novembala kapena Disembala, chimamasula ndi kubereka mu Januwale ndi Febuluwale, chimakololedwa kuyambira Epulo. Masamba athanzi amabweza kwambiri kuwala kwina kumene maso athu saona, ndipo kamera ya setilaiti imakuyeza. Poyerekeza zithunzi zotsatizana, akatswiri amatha kuona ngati mbewu zikukula bwino, zapserera ndi ng'amba kapena zagwidwa ndi mbozi. Koma ntchitoyi imafuna zithunzi zabwino zingapo m'miyezi yomweyo imene thambo limakhala lotsekeka.

Tiwerenge pang'ono. Mu Januwale, Sentinel-2 imadutsa pamunda wanu maulendo pafupifupi 6, Landsat pafupifupi 4. Mwayi ulipo ngati 10 pa mwezi, ndipo uliwonse ndi wa kamphindi kochepa m'mawa umodzi. Kukhale kowala 8 koloko, mitambo n'kufika 10 koloko, mwayi wapita. Komanso masiku a mitambo sabwera momwazikana, amatsatizana. Mvumbi wa sabata imodzi umadya mwayi uwiri kapena utatu motsatana, ndipo chimanga sichidikira.

Pali masetilaiti ojambula tsiku lililonse. Chipangizo cha MODIS chija chili pa ena mwa amenewa, koma kadontho kake kakang'ono kwambiri kamaimira mamita 250. Ku minda ikuluikulu ya chimanga ya ku Free State zimenezi zikhoza kuthandiza. Kwathu, m'kadontho kamodzi kotere mumalowa minda ya mabanja angapo, mtedza, nandolo, mitengo ya mango, njira ndi dambo, zonse n'kusakanikirana kukhala nambala imodzi. Munda waung'ono umafuna kamera yoona mwatsatanetsatane, ndipo makamera aulere otere ndi amene amadutsa patalipatali. Kampani ya Planet ili ndi timasetilaiti tambiri tojambula pafupifupi tsiku lililonse ndi kadontho ka mamita 3 kapena kuposerapo pang'ono. Zimenezi zimachulukitsa mwayi wopeza mpata, koma nato sitiona pansi pa mtambo, ndipo zambiri mwa zithunzi zake n'zogula.

Zotsatira zake zimafika mpaka m'thumba mwathu. Mabungwe ochenjeza za njala, monga FEWS NET, amagwiritsa ntchito uthenga wa masetilaiti pamodzi ndi malipoti a pansi. Unduna wa zamalimidwe nawo umadalira alangizi oyendera minda pochita kauniuni wa zokolola. Pamene zithunzi zasowa, ntchito yonse imatsamira pa oyenda pansiwo, amene sangafike munda uliwonse. Chenjezo likachedwa, thandizo limachedwa, ndipo foni yopempha ndalama ya chimanga imalira kwa m'bale amene ali kuno.

Si ntchito zonse zimene zimavutika chimodzimodzi. Woyang'anira nkhalango ya Dzalanyama kapena ya Chikangawa akhoza kudikira mpaka Juni, chifukwa mtengo wodulidwa mu Febuluwale udzakhala ukusowabe. Woyeza kukula kwa tauni nayenso sathamanga. Ovutika ndi amene akutsata zinthu zosintha msanga, monga mbewu ndi madzi. Mtsinje wa Jukskei ukasefukira ku Alexandra madzulo, pofika m'mawa wotsatira madzi amakhala atabwerera, ndipo ngakhale kutacha kowala kamera imangopeza matope.

Nyengo yopanda mvula nayonso si yoyera paliponse. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, chiperoni chimabweretsa mitambo yotsika ndi mvula yowaza ku Thyolo, Mulanje, Blantyre ndi Zomba. Mu Seputembala ndi Okutobala utsi wa moto wa tchire ndi fumbi zimachititsa zithunzi kuoneka zotuwa.

## Nanga zithunzi zopanda mitambo za pa Google?

Zimene mumaona pa Google Maps kapena Google Earth si zimene zikuchitika lero, ndipo si chithunzi chimodzi. Zili ngati nsalu imene telala wasoka ndi zigamba zosiyanasiyana, chigamba ichi cha chaka chatha, icho cha zaka zitatu zapitazo, chilichonse chosankhidwa chifukwa chinalibe mitambo. Popeza masiku oyera amachuluka m'chilimwe, zigamba zambiri zimakhala za nyengo imeneyo. N'chifukwa chake kumudzi nthawi zambiri kumaoneka kofiira ndi kouma ngakhale abale akukuuzani kuti chimanga chafika m'mapewa. Nthawi zina mumaona msoko weniweni, mbali imodzi ya msewu ili yobiriwira, inayo yotuwa.

Zithunzi zoonetsa galimoto ndi mpanda wa nyumba sizichokera ku Landsat kapena Sentinel-2. Zimachokera ku makampani ogulitsa zithunzi monga Airbus, ndipo m'mizinda ina zimajambulidwa ndi ndege. Makamera amenewa amaona kamzere kopapatiza ndipo kawirikawiri amalozetsedwa kumene kuli wogula. Ndiye amene amati ndalama zili ndi gawo pa nkhaniyi sakunama, Sandton, dera la anthu olemera kuno ku Joni, imajambulidwa mwatsatanetsatane kawirikawiri kuposa mudzi wa ku Phalombe. Koma Landsat ndi Sentinel-2 zimajambula Phalombe ndi Sandton pa ndondomeko imodzi, ndipo pa tsiku la namondwe ngakhale wolipira ndalama zambiri amalandira chithunzi cha mitambo yokhayokha.

## Radar, diso loboola mitambo

Njira yozembera mitambo ilipo. Radar ndi chipangizo chimene chimatumiza chokha mafunde a wailesi pansi n'kuyeza amene abwerera. Sichidalira dzuwa, choncho chimagwira ntchito usana ndi usiku. Mafunde a Sentinel-1, setilaiti ya radar ya ku Ulaya, ndi otalika masentimita pafupifupi 5.6, kuposa kadontho ka mtambo maulendo masauzande. Funde lalikulu chonchi limangodutsa mumtambo osapatuka.

Pa madzi osefukira, radar imachita bwino kwambiri. Madzi odekha ndi osalala, ndiye funde likawagunda mopendekera limanjanja n'kupita kutali, osabwerera ku setilaiti, ndipo malowo amaoneka akuda. Nthaka, udzu ndi mitengo zimabweza gawo la fundelo, n'kuoneka zotuwa. Poyerekeza chithunzi cha madzi asanabwere ndi cha pambuyo pake, malo omira amaonekera. M'zigwa zathyathyathya ngati za Chikwawa, Nsanje ndi kuzungulira nyanja ya Chilwa, njirayi ndi yodalirika, ndipo mapu ambiri a madzi osefukira amene mabungwe othandiza pa ngozi amagwiritsa ntchito amachokera ku radar.

Koma ili ndi malire ake. Siona mitundu, ndipo chithunzi chake chimakhala cha mathothomathotho, chofuna munthu wophunzira kuchiwerenga. Mphepo ikavundula madzi, saonekanso akuda. Madzi olowa m'bango kapena m'munda wa chimanga chachitali amabisika. M'tauni makoma amabweza mafunde mwamphamvu, moti msewu womira pakati pa nyumba sudziwika. Ndipo popeza radar imayang'ana chammbali, mbali ya phiri yoyang'anana nayo imaoneka yofinyika, ya kuseri imakhala mumdima. Tsoka la ku Chilobwe linali ndi zovuta zonsezi pamodzi, phiri lotsetsereka, nyumba zothithikana ndi matope.

Panalinso vuto lina pa nthawiyo. Masetilaiti a Sentinel-1 anali awiri, osinthana kuti malo azijambulidwa masiku 6 alionse. Yachiwiri, Sentinel-1B, inawonongeka mu Disembala 2021. Namondwe wa Ana mu Januwale 2022 ndi wa Freddy mu 2023 anapeza yatsala imodzi, yobwerera panjira yomweyo patatha masiku 12. Yolowa m'malo, Sentinel-1C, inaponyedwa mu Disembala 2024. Mu Julayi 2025 America ndi India anaponyanso NISAR, imene ili ndi radar ya mafunde a masentimita pafupifupi 24, otha kulowa kwambiri m'masamba a mitengo ndi m'mbewu.

## Amene mitambo ndiyo ntchito yawo

Zithunzi za namondwe akuzungulira zimene tinkaona pa nkhani masiku amenewo zinali za masetilaiti a zanyengo, monga Meteosat. Amenewa ali kutali, pa makilomita pafupifupi 36,000, ndipo amayenda mofanana ndi kuzungulira kwa dziko, choncho amayang'ana mbali imodzi nthawi zonse n'kujambula mphindi 10 kapena 15 zilizonse. Kwa iwo mtambo ndi chimene akufuna. Poyeza kuzizira kwa pamwamba pake, akatswiri amayerekeza mvula imene yagwa ngakhale kumene kulibe choyezera. Koma kadontho ka pa chithunzi chawo kamayezedwa m'makilomita, ndiye mudzi sungaoneke. Anthu ambiri anasokoneza mitundu iwiriyi, n'kuganiza kuti makina amene akuonetsa namondwe mphindi iliyonse akhozanso kuonetsa nyumba yawo.

## Pansi pa mitambo

Chotsala ndi kudutsa pansi pake. Tindege topanda munthu mkati, timene ambiri amati madroni, timauluka motsika ndipo timaona ngakhale mlatho wothyoka. Malawi anayamba msanga pa zimenezi. Boma ndi UNICEF anatsegula malo oyesera madroni ku Kasungu mu 2017, ndipo sukulu ya African Drone and Data Academy inayamba mu 2020. Komabe droni siuluka mumvula yamphamvu ndi mphepo yamkuntho, batire yake sikhalitsa, ndipo woulutsa ayenera kufika pafupi ndi malowo, pa misewu imene mwina yaduka. M'masiku oyamba a ngozi, uthenga wofulumira umachokerabe kwa mafumu, makomiti a m'midzi, maofesi a DC ndi nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA.

## Mukafuna kudzionera nokha

Choyamba, abale, funsani tsiku. Pa Google Earth tsiku lojambulira limalembedwa m'munsi, ndipo pali njira yobwerera m'mbuyo kuona zithunzi zakale za malo omwewo. Chaka cholembedwa m'munsi mwa Google Maps chisakupusitseni, chimenecho ndi cha umwini wa zithunzi, osati tsiku lojambula. Wina akakutumizirani pa WhatsApp chithunzi cha m'mwamba chopanda mitambo, akunena kuti ndi cha dzulo pamene mvumbi sunakate, muli ndi chifukwa chokayikira.

Zithunzi zatsopano za Sentinel zimapezeka kwaulere pa tsamba la pa intaneti lotchedwa Copernicus Browser. Mumasankha dera ndi masiku, komanso kuchuluka kwa mitambo kumene mungalole. Yesani kusankha boma lanu mu Febuluwale, kenako mu Julayi, muone kusiyana kwake. Kumbukirani kuti pa kadontho ka mamita 10, nyumba ya zipinda zitatu imene mukumangitsa kumudzi idzakhala kadontho kamodzi kapena tiwiri. Mukhoza kuzindikira kuti pamene panali dothi tsopano pakuwala malata, koma zakuti khoma lafika pati kapena mawindo aikidwa, setilaiti yaulere singakuuzeni. Zimenezo pemphani munthu wodalirika ajambule ndi foni ali pamalopo. Zimene Sentinel-2 ingakuonetseni bwino ndi zazikulu, monga njira yatsopano imene mtsinje wadzitsegulira, mchenga umene wakwirira dimba, kapena chipsera cha phiri logumuka, ndipo zimenezi zimaoneka pa tsiku loyamba loyera mvula ikakata, kaya patatha masiku 5 kaya masabata atatu.